Kumene Maukwati a ku England Amathera

Munthu akachoka pa tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London n'kutsetserekera kumtsinje wa Thames, amafika pa Queen Victoria Street, msewu wotakata wa maofesi okhaokha. Pamenepo pali nyumba yaitali yotchedwa Faraday Building, imene kale inali ya matelefoni, ndipo pakhoma pake anakhomapo kachikwangwani konena kuti apa panali Doctors' Commons, yomwe inagwetsedwa mu 1867. Madokotala a pamenepa sanali ochiza matenda. Anali maloya a malamulo a Chiroma ndi a mpingo, amene anaphunzira ku Oxford kapena ku Cambridge, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 milandu ya maukwati, ya chuma chamasiye ndi ya zombo zapanyanja inkathera m'manja mwawo. Mbiri ya loya wa milandu ya m'banja ku England imayambira pakhoma limeneli, ndipo yonse imakwanira m'dera loti munthu angaliyende wapansi dzuwa lisanapendeke: St Paul's, Temple, Strand, Holborn, ndi Westminster chapatali pang'ono.

Masiku amenewo ukwati unali wa mpingo, choncho woumasula ankayenera kukhala mpingo womwewo. Koma mpingo sunkamasula. Khoti la bishopu linkatha kugamula kuti ukwatiwo sunakhalepo n'komwe, mwina chifukwa anthuwo anali pachibale, kapena linkalola mwamuna ndi mkazi kulekana nyumba, aliyense kwake, koma popanda chilolezo chokwatiranso. Barrister, loya woyankhula m'khoti wa ku Temple, ndi wigi yakeyo, analibe pakamwa m'makhoti amenewa. Charles Dickens ali mnyamata ankapeza ndalama polemba zokambidwa mmenemo, ndipo m'buku lake la David Copperfield anawajambula madokotalawa ngati kagulu ka anthu odziwana okhaokha, lero uyu woweruza uyo loya, mawa asinthana mipando, milandu ikuyenda mwaulesi.

Mwamuna wofuna kusudzula mkazi kuti akwatire wina ankadutsa pamakomo atatu. Ankayamba wapeza chilolezo cholekana nyumba kukhoti la mpingo. Ankasumiranso mwamuna amene anagona ndi mkazi wakeyo kukhoti wamba kuti amulipire chipukutamisozi. Kwathu timati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, koma pa mlandu umenewu anthu awiriwo anali mwini mkazi ndi kapasuleyo; mkazi amene dzina lake linkagubuduzidwa m'matope sankaloledwa kuyankhulapo ngakhale liwu limodzi. Zikatero, nkhani inkapita ku Nyumba ya Malamulo kuti akakhazikitse lamulo lapadera lothetsa ukwati wa anthu awiri okhawo. Kufika mu 1857, maukwati amene anatha motere anangopitirira pang'ono 300, ndipo anayi okha ndi amene anathetsedwa mkazi ndiye atapempha. Woyamba mwa akazi anayiwo anali Jane Addison, mu 1801.

Nanga wosauka? Mu 1845, ku Warwick, woweruza wina dzina lake Maule anakumana ndi bambo amene mkazi wake anamuthawa, iye n'kukwatira wina ukwati woyamba usanathe. Maule anamulongosolera makomo atatu aja limodzilimodzi, anamuuza kuti zikanamudyera mapaundi mazanamazana, ndipo anamaliza n'kumukumbutsa kuti ku England lamulo la olemera ndi la osauka ndi limodzi. Chipongwe chimenecho chinkalasa lamulolo, osati munthuyo, ndipo chinafalikira dziko lonse. Osauka ena anali ndi njira yawo: ankapita ndi mkazi kumsika wa ziweto wa Smithfield, chakumpoto kwa St Paul's, atamumanga chingwe, n'kumugulitsa pagulu, kawirikawiri kwa mwamuna amene anali kale naye pachibwenzi. Lamulo silinkavomereza zimenezo, koma anansi onse ankadziwa kuti banja latha.

Amene anagwedeza zinthu sanali loya. Caroline Norton anali mlembi wa ndakatulo ndi mabuku, wokwatiwa ndi George Norton, mwamuna wankhanza. Mu 1836 George anasumira Lord Melbourne, nduna yaikulu ya dziko, kuti ankazemberana ndi mkazi wake. Mlandu unamugwera George, koma Caroline sanapindule kanthu. Poti chigololo sichinapezeke, ukwati sukanatha. Ana awo atatu aamuna anali kale m'manja mwa bambo, amene anawabisa kutali. Ndipo ndalama zimene Caroline ankapeza ndi cholembera chake, lamulo linkati ndi za mwamuna. Anayamba kulemba timabuku todandaula n'kumatumiza kwa aphungu. Lamulo la 1839 lolola mayi wosapezeka ndi chigololo kupempha kuti azisunga ana osafika zaka 7 linachokera m'kulimbana kwakeko. Mwana wake wamng'ono, William, anamwalira mu 1842 atagwa pa hatchi ali kwa bambo ake, mayi ake asanafike.

Mu 1857 Nyumba ya Malamulo inalanda mpingo milandu ya maukwati, ngakhale William Gladstone anayesetsa kutsekereza. Khoti latsopano la chisudzulo linatsegulidwa mu 1858 ku Westminster Hall, woweruza wake woyamba ali Sir Cresswell Cresswell, ndipo khomo lake linali lotsegukira mabarrister onse. Apa ndi pamene ntchito imene tikukambayi inabadwira, ndipo Doctors' Commons inafera pomwepo. Mabuku ake anagulitsidwa, nyumba inagwetsedwa, msewu unadutsa pabwalo pake. M'zaka zochepa chabe khoti latsopanoli linathetsa maukwati ambiri kuposa amene Nyumba ya Malamulo inathetsa m'mibadwo yonse ija. Komabe sikelo inali yopendekeka. Mwamuna ankangofunika kuonetsa kuti mkazi wachita chigololo, pamene mkazi ankafunika kuonetsa chigololo cha mwamuna kuphatikizapo china, monga nkhanza kapena kumusiya kwa zaka ziwiri. Zinakhala choncho mpaka 1923. Ndipo kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, aliyense wofuna chisudzulo, kaya ali ku Newcastle kaya ku Cornwall, ankayenera kubwera ku London ndi mboni zake, pa ndalama zake.

Mu 1882 Mfumukazi Victoria inatsegula nyumba ya makhoti ya pa Strand, Royal Courts of Justice, chinyumba cha miyala yotuwa chimene mlendo amayamba wachiyesa tchalitchi. Amene anachijambula, George Edmund Street, anamwalira chaka chimodzi chisanatsegulidwe. Milandu ya chisudzulo inasamukira mmenemo, itamangidwa mtolo umodzi ndi ya chuma chamasiye ndi ya zombo, popanda chifukwa china kupatula chakuti zonsezi zinali katundu wosiyidwa ndi Doctors' Commons. Woweruza yemweyo ankatha kumva za sitima ziwiri zogundana panyanja sabata ino, sabata yamawa za mkazi wopezeka ndi mlendo kuchipinda. Strand ikangotha pamayamba Fleet Street, kumene kunali nyuzipepala zonse zikuluzikulu, ndiye mtolankhani ankangoyenda mapazi ochepa kuchoka kukhoti kukafika pa makina osindikizira. Victoria mwiniwake anali atadandaula kale mu 1859 kuti nkhani za khoti la chisudzulo zikuipitsa nyuzipepala, koma lamulo loletsa kusindikiza tsatanetsatane wa umboni wotere linabwera mu 1926.

Tsidya lina la msewu, kudzera pa kachipata kamene munthu angakaphonye mosavuta, ndi ku Temple. Dzinali linachokera kwa asilikali achipembedzo a Knights Templar, amene tchalitchi chawo chozungulira chinapatulidwa mu 1185 ndipo chilipobe. Iwo atatha, maloya analowa m'nyumba zawo. Mmenemo muli mabungwe awiri mwa anayi amene barrister aliyense wa ku England ndi Wales ayenera kulowa limodzi: Inner Temple ndi Middle Temple, enawo, Lincoln's Inn ndi Gray's Inn, ali chakumpoto, mbali ya Holborn. Pakhomo lililonse pali bolodi la mayina olembedwa ndi penti, wamkulu pamwamba, wongolowa kumene pansi penipeni. Anthu a pa bolodi limodzi si kampani. Aliyense amadzilemba yekha ntchito. Amangosonkherana za lendi ndi za makalaliki, moti awiri a khomo limodzi amatha kukumana kukhoti, wina akuimira mwamuna, wina mkazi.

Njira yolowera ntchitoyi yasintha pang'ono chabe. Kale wophunzira ankayenera kudya chakudya chamadzulo m'holo ya bungwe lake kangapo konse asanavomerezedwe. Lero ambiri mwa madzulo amenewo anasanduka maphunziro, koma tebulo silinachotsedwe. Akavomerezedwa amakhala chaka chimodzi pamapazi a barrister wamkulu. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba amangonyamula mafayilo, kumvetsera ndi kulemba; yotsalayo amayamba kuimirira yekha pa timilandu ting'onoting'ono. Mpaka 1975 wophunzirayo ndiye ankalipira mphunzitsi wake ndalama zokwana magini 100. Tsopano ndiye amalipidwa. Chaka chikatha, anthu a khomolo amavota ngati dzina lake lilembedwe pa bolodi kapena akayesere kwina. Mwini mlandu nthawi zambiri sapita yekha kwa barrister. Amapita kwa solicitor, loya wa mu ofesi, amene amasonkhanitsa mapepala n'kuwatumiza, kale atamangidwa ndi kansalu kapinki. Pakati pa awiriwa pamaima kalaliki wamkulu, munthu amene kawirikawiri sanaphunzire malamulo, koma ndiye amakambirana mtengo n'kusankha woti apite kukhoti liti. Wachinyamata amene kalaliki sakumukonda amagona ndi njala ngakhale akhale wanzeru chotani. Amene wakhwima pa ntchito amapempha udindo wa loya wa Mfumu, n'kuyamba kuvala mkanjo wa silika ndi kulemba KC kumapeto kwa dzina lake. Anali QC mpaka Elizabeth II atamwalira mu 2022.

Kwa zaka zoposa 100, mpunga wa barrister wa chisudzulo unali kupeza wolakwa. Lamulo linkafuna mmodzi woyera, wina wakuda. Onse akalakwa, kapena akagwirizana kuti asiyane mwamtendere, khoti linkatha kukana, ndipo panali mkulu wa boma, King's Proctor, wofufuza ngati anthu apangana. Apa ndi pamene panabadwira sewero la ku Brighton. Mwamuna amene akufuna kusunga ulemu wa mkazi wake ankakwera sitima kupita ku hotela ya m'mphepete mwa nyanja ndi mkazi wolipidwa, amene mwina sanamukhudze n'komwe. M'mawa wantchito wa pahotela ankabweretsa tiyi n'kuwapeza ali pabedi limodzi. Lisiti linkatumizidwa kwa mkazi wa kunyumba, wantchito uja n'kudzachitira umboni ku London. Woweruza ankadziwa, barrister ankadziwa, ndipo mlandu wotere unkatha m'mphindi zowerengeka. A. P. Herbert anaseka zimenezi m'buku lake la Holy Deadlock mu 1934, kenako atakhala phungu anakankha lamulo la 1937 limene linawonjezera nkhanza, kuthawa banja kwa zaka zitatu ndi misala yosachizika. Ngakhale chisudzulo chimene chinagwedeza ufumu, cha Wallis Simpson mu Okutobala 1936, chinayenda pa umboni wa pahotela. Anachipititsa ku Ipswich kuthawa maso a London, Norman Birkett ndiye anamuimira, ndipo pofika Disembala Edward VIII anali atatula pansi ufumu kuti amukwatire.

Maloya a milandu ya malonda ankaipeputsa ntchito imeneyi, ndipo kupeputsako kunatsegulira akazi khomo mosayembekezera. Ivy Williams anali mkazi woyamba kuvomerezedwa kukhala barrister mu 1922, koma woyamba kuimirira ku High Court anali Helena Normanton wa ku Middle Temple, amenenso anali mkazi woyamba kupezera munthu chisudzulo. Makalaliki ankakankhira akazi milandu ya ana ndi maukwati poganiza kuti ndiyo yowayenera, yopanda ndalama zambiri. Boma nalo litasankha Elizabeth Lane kukhala mkazi woyamba woweruza ku High Court mu 1965, linamuika kugawo la chisudzulo lomwelo. Patapita zaka, kugawo lonyozekali n'kumene kunachokera Elizabeth Butler-Sloss, mkazi woyamba kukhoti la apilo mu 1988, ndi Brenda Hale, amene anatsogolera khoti lalikulu kwambiri la dzikolo kuyambira 2017 mpaka 2020.

Ife a kuno tili ndi chingwe chathu m'mabwalo amenewa. Orton Chirwa anavomerezedwa ku Lincoln's Inn mu 1958, ndipo Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi wa ku Malawi, anatsatira ku bungwe lomwelo mu 1966. Lamulo la chisudzulo limene atsamunda anaika ku Nyasaland mu 1905 linatengedwa ku England, ndi kusakasaka wolakwa kwake komwe, ndipo linkakhudza maukwati a kwa DC ndi ena olembetsedwa mwa lamulo la boma. Eni ake atalitaya, ife tinalisungabe mpaka lamulo latsopano la maukwati la 2015. Mawigi aubweya wa hatchi nawonso tinawasunga, pamene m'makhoti a mabanja ku London masiku ano simuoneka wigi. Barrister amangovala suti yakuda, chifukwa yambiri mwa milanduyi imamvedwa zitseko zili zotseka.

Kusintha kwakukulu kunadza pakati pa 1969 ndi 1973. Lamulo la 1969, limene linayamba kugwira ntchito mu Januwale 1971, linati chifukwa chothetsera ukwati ndi chimodzi: kuti wasweka mosakonzeka. Anthu ankatha tsopano kusiyana atakhala padera zaka ziwiri ngati onse avomera, kapena zisanu ngati wina akukana. Chaka chomwecho cha 1971 gawo la khoti lija linasiyana ndi zombo n'kutchedwa Family Division. Pofika 1977 chisudzulo chosatsutsidwa chinkangoyenda pa mapepala, popanda munthu kuimirira pamaso pa woweruza. Wantchito wa pahotela ndi tiyi wake sanafunikenso, ndipo mabarrister ambiri anaona ngati munda wawo wakokoloka. Koma lamulo la 1973 linapatsa oweruza mphamvu zazikulu zogawa nyumba, ndalama ndi katundu, ndipo funso linachoka pa wagona ndi ndani n'kupita pa ziwiri: atenga chiyani ndani, ndipo ana akhala ndi yani. Ntchito inagawanikanso pawiri motsatira mafunso amenewa, ndipo mbali ziwirizi zimasiyana ngati si ntchito imodzi.

Mbali ya ndalama ndiyo imamveka kutali. Kwa zaka zambiri mkazi wa munthu wolemera ankapatsidwa zongomukwanira, nyumba ndi ndalama yodyera, chuma chotsala chonse n'kukhala cha mwamuna. Amene anathyola mwambowu sanali anthu otchuka. Martin ndi Pamela White anali alimi a ng'ombe zamkaka ku Somerset, okwatirana mu 1961, amene anagwira ntchito limodzi pafamu zaka zoposa 30 n'kusonkhanitsa chuma cha mapaundi pafupifupi 4.6 miliyoni. Mu 2000 oweruza a ku House of Lords, motsogozedwa ndi Lord Nicholls, ananena kuti wopeza ndalama ndi wosamala nyumba asasiyanitsidwe, ndipo woweruza aliyense aziyesa chigamulo chake pa muyeso wa theka ndi theka, n'kupereka chifukwa ngati akupatukapo. Mayi White eni ake anachoka ndi magawo awiri mwa asanu, poti apongozi awo anathandizapo poyamba, koma kuyambira pamenepo London inatchuka padziko lonse ngati malo abwino osudzulirako munthu wachuma. Akazi a eni migodi ndi mafuta a ku Russia ndi ku Middle East anayamba kuthamangira ku Strand, amuna awo akuthamangira kukhoti la kwawo kuti ayambe ndi iwo. Mu 2008 atolankhani anadzaza pakhomo pa nyumbayo pamene Heather Mills, amene anadziimira yekha ndipo ankafuna mapaundi 125 miliyoni kwa Paul McCartney, anapatsidwa 24.3 miliyoni, n'kuthira madzi pamutu pa loya wa mwamuna wake asanatuluke m'khoti.

Koma ngakhale kumbali imeneyi, kuyankhula kokometsera pamaso pa woweruza ndi gawo laling'ono la ntchito. Aliyense mwa awiriwo amalemba chuma chake chonse pa fomu yotchedwa Form E, ndipo barrister amatha masiku akuwerenga masitetimenti a kubanki, kufunafuna ndalama imene yasowa pakati pa mwezi uwu ndi uwo, kuwerengera penshoni. Mlandu usanafike pozengedwa pamakhala tsiku lapadera limene woweruza amamva mbali zonse mwachidule n'kunena mmene akuonera kuti zidzathera, kenako n'kuwatulutsa kuti akakambirane. Woweruza ameneyo saloledwanso kudzaweruza mlanduwo. Mwamuna amakhala m'kachipinda kake, mkazi m'kake, ndipo mabarrister awiri amayenda pakhonde uku ndi uku atanyamula mawu, monga achitira ankhoswe, kungoti awa sanalipo pa chinkhoswe ndipo sadzabweranso mawa kudzaona ngati mwagona bwanji. Yambiri imathera pakhonde pomwepo, madzulo, anthu atatopa. Barrister wabwino pa ntchito imeneyi ndi amene angauze munthu wolusa kuti ndalama imene akulimbira idzathera kwa maloya, ngakhale kuti loya wodzadyayo ndi iye mwini.

Mbali ya ana ilibe makamera. Mu 1987 ku Cleveland, kumpoto chakum'mawa kwa England, ana 121 anachotsedwa kwa makolo awo m'miyezi yochepa madokotala awiri atanena kuti agwiriridwa. Ambiri anadzabwezedwa kwawo. Butler-Sloss ndiye anatsogolera kafukufuku wa nkhaniyo, ndipo lipoti lake, pamodzi ndi ntchito imene Hale ankachita ku bungwe lounika malamulo, zinabala lamulo la ana la 1989. Mutu wake ndi wakuti ubwino wa mwana uli pamwamba pa zonse. Khonsolo ikafuna kulanda mwana, m'chipinda chimodzi mumakhala loya wa khonsolo, wa mayi, wa bambo, ndi wa mwanayo payekha. Umboni wake ndi wa mafupa othyoka, wa magazi m'maso mwa khanda, wa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo oyezedwa m'tsitsi. Chigamulo chingakhale choti mwana aperekedwe kwa anthu ena mpaka kalekale, makolo asakufuna. Kuyambira 2014 lamulo limati mlandu wotere uthe m'masabata 26, ngakhale yambiri imapitirira.

Tsiku la barrister wa mbali imeneyi limayamba dzulo lake. Mapepala amafika madzulo, masiku ano pa kompyuta, masamba mazanamazana; amawerenga usiku, n'kulemba mwachidule pamene munthu wake waima; m'mamawa ali pa sitima kupita kukhoti la tauni imene mwina sanafikeko. Munthu amene akumuimira amakumana naye koyamba ola limodzi mlandu usanayambe, nthawi zina mtsikana amene nayenso anakulira m'manja mwa khonsolo yomweyo. Lamulo la ntchito yawo limati barrister asakane mlandu chifukwa chonyansidwa ndi munthuyo, malinga ngati ali ndi mpata ndipo ndi ntchito imene amaidziwa. Ndiye Lolemba angaimire khonsolo, Lachitatu n'kuimira bambo amene akumuganizira kuti anagwedeza khanda mpaka kufa. Ena amaona ngati kumeneko n'kupanda mtima. Ine ndimaona kuti ndi chimodzi mwa zinthu zochepa za ku Temple zoyenera kusungidwa, chifukwa boma likamalanda munthu mwana, woipitsitsa yemwe ayenera kukhala ndi womufunsira mafunso.

Maofesi a kaundula wa milandu ya mabanja anakhala zaka zambiri ku Somerset House, nyumba yaikulu ya pa Strand yoyang'ana mtsinje, kumene anthu ankapitanso kukawerenga zimene akufa analemba za chuma chawo. Mu 1998 anasamukira ku First Avenue House pa High Holborn, nyumba wamba ya maofesi, ya zikepe zochedwa ndi timipando ta m'makonde. Kuyambira Epulo 2014, pamene makhoti onse a mabanja anaphatikizidwa kukhala limodzi, nyumbayi ndiyo Central Family Court. Bwalo la Somerset House lero muli akasupe a madzi ndi zionetsero za zojambula.

M'makonde a ku High Holborn ndi mmene mumaonekera zotsatira za lamulo la 2012, limene linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2013. Kuyambira 1949 boma linkalipirira maloya anthu osauka, ndipo ndi thandizo limenelo limene linafikitsa chisudzulo kwa anthu wamba. Lamulo latsopanoli linachotsa thandizolo pa milandu yambiri ya pakati pa mwamuna ndi mkazi, kupatula ngati pali umboni wa nkhanza. Makolo olandidwa ana ndi khonsolo nawonso anatsala akulipiriridwa. Boma linkati anthu azipita kwa oyanjanitsa m'malo mwa khoti. Zinachitika mosiyana: opita kwa oyanjanitsa anachepa, chifukwa amene ankawalozera kumeneko anali maloya omwe anachotsedwawo. Anthu anayamba kubwera okha, mapepala ali m'jumbo, ena ataperekezedwa ndi mnzawo wongowanong'oneza. Mnzake wotereyu amatchedwa McKenzie friend, kuchokera pa mlandu wa chisudzulo wa 1970 umene woweruza anathamangitsa loya wachinyamata wa ku Australia amene ankathandiza mwamuna wopanda womuimira, khoti la apilo n'kudzanena kuti analakwitsa. Kwa zaka zingapo mwamuna womenya mkazi ankatha kumufunsa yekha mafunso mkaziyo m'khoti. Lamulo la 2021 ndilo linaletsa zimenezo. Barrister amene mnzake wa tsidya linalo alibe loya amagwira ntchito ziwiri: kuimira munthu wake, ndi kulongosolera mdaniyo zimene zikuchitika, osamulangiza, osamupondereza.

Kusakasaka wolakwa kunafa mochedwa. Tini Owens anachoka panyumba mu 2015 atakhala m'banja kuyambira 1978, n'kupereka zitsanzo 27 za khalidwe la mwamuna wake, koma mwamunayo anakana chisudzulo, ndipo woweruza anati madandaulowo ndi opepuka. Mu 2018 khoti lalikulu linavomereza, monyinyirika, kuti lamulo likumukakamiza kudikira mpaka 2020. Manyazi a mlandu umenewo anafulumizitsa aphungu. Kuyambira pa 6 Epulo 2022, munthu amangonena kuti ukwati wasweka, pa intaneti, yekha kapena pamodzi ndi mnzakeyo. Amadikira masabata 20, kenako ena 6, ndipo winayo sangakane. Zitseko nazonso zatseguka pang'ono: atayesera ku Leeds, Cardiff ndi Carlisle mu 2023, kuyambira Januwale 2025 atolankhani angathe kulemba za milandu ya ana m'makhoti onse, malinga asatchule mayina.

Chimene sichinakhudzidwe ndi lamulo logawa chuma. Likadali lija la 1973, ndime yake ya 25 ikungotchula zinthu zoti woweruza aziganizire, osanena kuti chilichonse chilemere bwanji. Za theka ndi theka mulibemo. Za mapangano amene anthu amasainirana asanakwatirane mulibemonso, ngakhale khoti lalikulu linawapatsa mphamvu mu 2010 pa mlandu wa Radmacher ndi Granatino. Zonsezo zili m'zigamulo zomwazikana za zaka 50. Mu Disembala 2024 bungwe lounika malamulo linanena poyera kuti munthu wowerenga lamulolo sangadziwe chimene adzapeze banja likatha, ndipo linasiyira boma kuti lisankhe njira yokonzera. Pakadali pano odziwa yankho ndi anthu a mayina a pa mabolodi a ku Temple ndi ku Holborn, ndipo kalaliki ndiye amanena mtengo wolimvera.